Chilembo C cha m'Karinya

Amene sanagonepo ku Tsangano mwezi wa Junyu asandiuze za kuzizira. Kuno m'mawa udzu umayera ndi chisanu, madzi a m'ndowa amaluma mano, ndipo nkhungu imakakamira pansi mpaka dzuwa litakwera ndithu. Kachewere amakonda zimenezo, n'chifukwa chake amabereka. Munthu sazikonda, makamaka munthu amene wangobadwa kumene.

Nthawi ya nkhondo ndinali woyendetsa galimoto ya pachipatala chaching'ono cha paboma, chimene tinkangochitcha posito. Galimotoyo inali karinya yakale, ija ya mpando umodzi wautali kutsogolo, kumbuyo kopanda denga. Isanabwere kwa ife inagwira ntchito zaka zambiri mumzinda wa Tete, kumene ngakhale mbuzi zimayenda zikusaka mthunzi. Itakalamba, akuluakulu anaona kuti ikafere kumapiri, n'kundipatsa ine. Koma sinafe. Ndinkaidziwa ngati mmene mlimi amadziwira ng'ombe yake yapangolo, ikangosintha kaliridwe ndinkadziwa pamene pakuiwawa. Funsani aliyense wa masiku amenewo ngati inandigonekapo panjira. Chinthu chimodzi chokha ndinali nditagonja nacho: m'kati mwake simunkafunda. Ukatsegula chopemerera, chinkapemerera ndithu, koma mphepo yake inali yomweyo ya panja. Ine ndinali ndi chijasi changa, odwala tinkawafunditsa mabulangete, moyo n'kumapita.

Mkazi wanga ndinamutenga ku Chidzolomondo, ku Macanga. Ndikuti ndinamutenga, chifukwa umenewo ndiwo unali mlandu wanga kwa apongozi. Kwawoko mwamuna ndiye amapita kwa mkazi, kukalima ndi kukamanga komweko. Ine ntchito inali ku Tsangano, ndiye ndinapempha chitengwa, iwo n'kuvomera ndi pakamwa pokha. Kenaka nkhondo inafika kwawo, nkhokwe ndi zigafa za fodya zinapsa, ndipo tsiku lina apongozi anatulukira panyumba pathu, kuseri kwa posito, wapansi, mapazi atatupa, atasenza kamtolo kamodzi. Tinakhala bwalo limodzi, koma sankandiyankhula. Mwambo umalola zimenezo, mkamwini ndi apongozi amapewana, koma iwo mwambowo anauthira tsabola. Ine ndili chilili pomwepo, ankauza mwana wawo kuti, "Uwauze amuna akowo kuti nkhuni zatha." Ine n'kuyankha kuti, "Uwauze amayi kuti ndamva." Mkazi wanga ankangotiseka, ati tamusandutsa waya wa telefoni.

Mwana wathu woyamba anabwera masiku ake asanakwane. Kunali masana, ndikutsuka karinya, pamene azamba anatuluka n'kundikodola. Azambawa anali mayi wa kummwera, wamfupi, wa mawu aakulu, ndipo Chichewa chawo chinkayenda chogwirana manja ndi Chipwitikizi.

"Amotolisita, mwana wabadwa, ndi menina, wamkazi. Koma ndi wochepa kwambiri, ndipo mayi ake ataya magazi ambiri. Pano ine ndilibe chowathandizira. Mawa m'mawa koluna ikupita ku Ulongwe, kuchipatala chachikulu. Mukhale m'menemo."

Koluna unali mdipiti wa galimoto zoyenda pamodzi, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Wekha sunkauyenda msewu umenewo, ndipo koluna ikakusiya sunkadziwa kuti ina idzabwera liti. Ndinawauza kuti karinya ili bwino, mafuta alimo.

"Sindikunena gazoleo ine, ndikunena firiyu, kuzizira. Karinya yanuyo ndinaikwerapo, sisiyana ndi bokosi loziziritsira mankhwala. Kamwana aka sikangathe kudzifunditsa kokha, ndipo koluna imaima panjira nthawi yaitali, mukudziwa. Mukakalowetsa mmenemo momwe muliri, mukafika ndi mtembo. Mukapanda kupita, mwina nditaya onse awiri."

Ndinafunsa za mbaula. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Mukufuna mukaphe ndi mpweya wa makala?" Ndinafunsa za mabotolo a madzi otentha. Anati azizira tisanafike n'komwe pa Ntengo-Wambalame.

Apongozi anali pakhonde, ndipo anamva zonse. Anayankhula kwa azamba, maso ali kumbali. "Mwana wa m'chikuta satuluka panja mchombo usanagwe. Auzeni awo kuti chitsulo chawocho chisanditengere mdzukulu. Chinanditengera kale mwana."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Koma mkamwini sabweza. Ndinakatenga bokosi la zitsulo. Mwanayo ndinali ndisanamuone, poti mwamuna salowa m'chikuta, ndipo zonse zimene ndikanatha kumuchitira zinali pansi pa kapo, chivundikiro cha injini.

Galimoto ilibe moto wapadera wofunditsira anthu. Kutentha konse kumachokera ku injini. Madzi amazungulira mu injini n'kutentha, ambiri amapita ku radiyadori, thanki ija ya timabowo ili kumphuno, kuti akazizire. Ochepa amapatuka kudzera m'timapayipi tiwiri n'kulowa m'karadiyadori kena kakang'ono kobisika m'kati, pansi pa galasi lakutsogolo, ndipo mphepo ikadutsa pamenepo imafunda. Ndiye m'galimoto mukamazizira, funso ndi limodzi lokha: kutenthako kukuthera pati? Umangokulondola ndi dzanja, monga momwe umalondolera ngalande ya kudimba pofuna pamene madzi atsekeka.

Ndinayamba ndi chapafupi. Madzi mu radiyadori anali odzaza, sankadontha paliponse. Ndinaliza injini n'kudikira. Ndinadikira nthawi yoti nyemba zaziwisi zikanapsa, koma kamuvi kosonyeza kutentha kanali gone pansi. Masiku onse ndinkanyadira zimenezo, ndinkauza anzanga kuti karinya yanga siwira ngakhale pa chitunda chotani. Ndinagwira payipi yaikulu yapamwamba. Inali yofunda ngati madzi osambitsira khanda, ndipo inafunda choncho kuyambira pachiyambi, osapitirirapo. Injiniyo payokha sinkatentha. Mphika wosawira ungagawire ndani nthunzi?

Ndinazimitsa n'kumasula kachivundikiro ka pamene payipi ija imalumikizana ndi injini. Mmenemo mumayenera kukhala kachitseko kamene amakaniko amati terimositato. Injini ikakhala yozizira kamatseka kuti madzi asathamangire ku radiyadori, ikatentha kamatsegula kokha. Ndinapeza mphako yokhayokha. Ndinatukwana mzinda wonse wa Tete pamodzi ndi dzuwa lake. Amakaniko a kumeneko galimoto ikangofika m'manja mwawo, choyamba n'kuzula kachitseko kameneka n'kukaponya kudzala, ati kamawiritsa injini. Kwawoko mwina ali ndi chifukwa, munthu wokhala m'ng'anjo saganiza za bulangete. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti galimoto imeneyi tsiku lina idzakwera mapiri.

Kena ndikanakapeza kuti? Masiku amenewo m'sitolo munalibe ngakhale mchere. Ndinangodula kapepala koletsa madzi kudontha pa katoni ya mankhwala, n'kubwezera kachivundikiro kaja. Ndiye ndinati, ngati sindingatsekere madzi, nditsekera mphepo. Ndinathamangira kunyumba, ndinakhuthula kachewere wathu pakhonde, n'kutenga thumba lachiguduli kukalimanga kutsogolo kwa radiyadori. Apongozi ataona mbatata ili mbwee pansi, anauza mayi wina amene anabwera kudzazonda matenda kuti, "Taonani, tsopano akufunditsa galimoto. Mwana ali buno bwamuswe m'nyumbamo, chofunda apatsa chitsulo."

Thumba linagwira ntchito. Kamuvi kanadzuka pang'onopang'ono mpaka kanaima pakati, ndipo payipi yaikulu inafika posagwirika. Ndinalowa m'kati chifuwa chili patsogolo, ndinatseka zitseko, n'kutsegula chopemerera. Inandiomba mphepo ya ku Tsangano yomwe ija.

Dzuwa linali litapendeka. Azamba anatuluka akupukuta manja, n'kusuzumira pazenera. "Mwaika pa kalori?"

Pansi pa wailesi, imene inafa kalekale, panali kachogwirira koyenda uku ndi uku. Mbali ina kunali chilembo C, mbali ina H. Ngati panali utoto wosonyeza kanthu, dzuwa la ku Tete linali litaudya. Tonse amene tinapondako kusukulu ya Chipwitikizi tinkadziwa kuti C ndi kalori, kutentha. H sitinkamudziwa, ena ankati ndi hospitale, poti galimoto inali yachipatala. Karinya itangobwera kumene ndinayesa mbali zonse ziwiri, konse kunali kozizira, popeza injini yomwe inali yozizira. Ndiye ndinakasiya pa C, pamene munthu aliyense wanzeru akanakasiya, ndipo kanakhala pamenepo zaka zonsezo.

"Kali pa kalori, mayi," ndinatero.

"Ndiye yafa basi." Anayang'ana kuchipinda kumene kunali mkazi wanga.

Ine sindinavomere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinabwerera kukapo n'kuyamba kulondola timapayipi tiwiri tija ndi zala. Kamodzi kanali kotentha kuchokera ku injini mpaka pa kampopi kena kachitsulo, pafupi ndi khoma lolekanitsa injini ndi anthu. Kupitirira pamenepo kanali kozizira ngati mphuno ya galu. Kachiwiri kanali kozizira konse. Ndinati eya, ndakupeza. Kutentha kunkafika pakhomo n'kupeza potseka. Pa kampopiko panali waya wolowera m'kati, kulunjika kumene kunali kachogwirira kaja.

"Mayi, talowani mukhale pampando wanga. Mukankhire ku H."

"Ku hospitale? Mwasokonezeka, amotolisita?"

"Kankhani, ine ndikuyang'ana kuno."

Kachogwirira kanakana, dzimbiri linali litakagwira. Ndinadonthezera mafuta pa waya ndi pa kampopi, ndinagogoda pang'ono ndi sipanala, iwo n'kukankhanso ndi manja awiri. Waya anayenda, kampopi kanatembenuka kakulira, ndipo pansi pa chala changa payipi yozizira ija inayamba kufunda ngati chinthu chamoyo.

"Bwezerani ku C."

Kampopi kanatseka.

"Mayi, C ameneyu si kalori."

"Nanga ndi chiyani?"

"Kaya. Koma ndi amene wakhala akutitsekera chitseko."

Patapita zaka, munthu wina wobwerera kuchokera kothawa nkhondo ku Ntcheu anandiuza kuti m'Chingelezi mawu a kuzizira ndiwo amayamba ndi C, ndipo a kutentha amayamba ndi H. Galimotoyo anaipangira anthu a chilankhulo chimenecho, ife n'kumaiwerenga m'Chipwitikizi. Tinaseka mpaka misozi. Koma madzulo aja sindinaseke, chifukwa ntchito inali isanathe. Kapayipi kolowa kanatentha bwino, kotuluka kanangofunda mwaulesi, ndipo mphepo ya m'kati nayo inali yaulesi chimodzimodzi. Madzi okhala zaka osayenda amasiya zawo. Ndinazula timapayipi tonse tiwiri, ndinathira madzi kumene amatulukira, n'kupopa ndi pampu ya njinga kuti abwerere chambuyo. Kunatuluka matope ofiira a mitsinje yonse imene karinya ija inamwapo, kuyambira Zambezi mpaka timifuleni ta kwathu kuno. Ndinabwereza mpaka madzi anatuluka oyera. Kenaka ndinaikweza pachulu, mphuno m'mwamba, kuti mpweya wotsekeredwa utuluke, n'kudzazanso madzi. Mabowo a pansi pa mapazi, amene tinkaonera msewu ukudutsa, ndinawatseka ndi sanza.

Kusanade, azamba analowanso, anaika dzanja pakabowo kotulukira mphepo, n'kulichotsa msanga. "Epa!" Anangopita kukakonza odwala awo.

Walira mvula walira matope. Injini yofunditsidwa thumba ikhoza kuwira, ndipo pamsewu umenewo sunkatsika chisawawa kuti ukachotse thumba, chifukwa m'mbali mwake ankakwiriramo mabomba. Ndinasokerera kachitsulo kolemera kumunsi kwa thumba, ndinamangapo chingwe, n'kuchidutsa pamwamba pa kapo mpaka pachitseko changa. Ndikakoka, thumba linkakwera n'kutsegulira mphepo, ndikasiya linkagwa lokha. Ndinayesa kangapo mpaka ndinakhutira.

M'mawa kunacha ndi nkhungu yoti galimoto yapatsogolo unkaiona nyali zokha. Ndinaliza injini anthu asanatuluke, kuti apeze mofunda. Azamba anatulutsa mkazi wanga atamugwirira, milomo itayera, manja ali zii. Azamba anati mwana ayenera kugona pachifuwa cha munthu, khungu kukhungu, m'kati mwa zovala, koma mayi akeyo analibe mphamvu ngakhale kutentha kogawira wina. Apongozi sananene kuti avomera ulendo. Anangotuluka m'chipinda atamanga nsalu pachifuwa, pali kanthu kotukuza pang'ono, n'kukwera.

Mkazi wanga anafunika kutsamira chitseko, ndiye apongozi anakhala pakati. Phewa lawo linagunda langa, ndodo ya magiya ili pabondo pawo. Anthu amene tinkapatukirana panjira, wina kulowa m'chimanga kuti mnzake adutse, lero tinapanikizana pampando umodzi. Ndikasintha giya ndinkati, "Pepani, amayi," iwo maso ali patsogolo ngati sanamve. Ndinapepesa kuchokera pa Tsangano mpaka pakamwa panauma.

Koluna inkayenda ngati maliro. Pa lole yapatsogolo pathu asilikali anali atadzikulunga m'mabulangete, mfuti zokha zikuoneka. Ife m'kati munali mofunda, galasi lili mbee, ndipo ndinavula chijasi kwa nthawi yoyamba chiyambire kuyendetsa karinya ija mwezi wa Junyu. Pa chitunda kamuvi kakakwera ndinkakoka chingwe, potsetsereka n'kuchisiya. Za galimoto zonse zinali m'manja mwanga.

Titapitirira pa Ntengo-Wambalame koluna inaima. Asilikali anatsika n'kuyamba kuyenda patsogolo pang'onopang'ono, akufufuza mabomba m'dothi. Oyendetsa onse anazimitsa injini posunga mafuta, kunangotsala yanga. Msilikali wina anabwera akuponda mmene munadutsa matayala, n'kumenya pagalasi. "Dezliga! Zimitsa iwe!" Sindinatsegule zenera. Ndinangomulozera pachifuwa pa apongozi, n'kupukusa mutu. Anasuzumira, anayang'ana nsalu ija, anayang'ana mkazi wanga, n'kubwerera momwe anadzera.

Tinaima pamenepo mpaka ndinasiya kuyembekezera kuti tinyamuka. Ndipo nthawi yonseyi, kuchokera pa posito, mwana anali asanalirepo.

"Amayi," anatero mkazi wanga ndi mawu otsika, "akupuma?"

Apongozi anangoika dzanja pansalu n'kutseka maso. Pamenepo ndinachita mantha, mantha amene mabomba sanandichititsepo. Injini ndinkaimva, madzi ndinkadziwa pamene akudutsa, koma za m'kati mwa nsalu ija dzanja langa silikanatha kuzilondola. Ndinangogwira chingwe changa, maso pa kamuvi, n'kumakasunga pakati penipeni, poti china choti ndichite panalibe.

Thukuta linayamba kutsika pachipumi pa apongozi, kudutsa m'makwinya mpaka pachibwano. Sanalipukute. Kenaka munamveka kamawu, ngati ka mwana wa mphaka ali kuseri kwa nkhokwe. Kanasiya. Kanayambiranso, mokwiya tsopano, ndipo nsalu inagwedezeka. Mkazi wanga anayamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Apongozi anasuzumira m'nsalu, n'kukonzakonza mmenemo. Kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana ine, maso ndi maso.

"Bambo a mwana," anatero, "tachepetsani motowu. Mwana wanu wafunda, koma ine mundipsereza."

Mwa chizolowezi ndinayang'ana mkazi wanga, kudikira kuti andiuze zimene amayi anena. Iye anali atatsamira chitseko, maso ali chitsekere, akumwetulira.

"Chabwino, amayi," ndinatero, n'kukankhira kachogwirira pang'ono ku C.

Iwo anamasula nsalu kumwamba, pang'ono pokha. "Tamuonani. Mwamuvutikira kuyambira dzulo osamudziwa n'komwe."

Kankhope kake sikanapose kachewere mmodzi, kofiira, kokwinyika, kakamwa kali yasa kulalatira dziko lonse. Kutsogolo malole anayamba kulira, wakumbuyo anandiimbira hutala, ndipo ndinalowetsa giya osapepesa.

Tinafika ku Ulongwe dzuwa lili pamutu, onse amoyo. Mkazi wanga anachira, mwana anakula, ndipo lero ndi mayi wa ana ake, amakhala ku Tete komweko kotentha, akabwera kuno amadandaula kuzizira kuposa aliyense. Karinya inatha nkhondo isanathe, koma thumba lija linali likadali pamphuno pake. Apongozi anakhala nafe mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo sindinganame kuti anasanduka munthu wofatsa. Koma kuyambira ulendo umenewo, nkhuni zikatha ankandiuza okha.